Nyumba Siithera Pampanda

Aliyense amene wafunapo nyumba ya lendi kapena puloti masiku ano akudziwa chilankhulo cha otsatsa malonda a nyumba. Amayamba ndi chiwerengero cha zipinda, kenaka amatchula matailosi, siling'i, magetsi, madzi, bafa ndi chimbudzi zam'kati. Akafuna kukweza mtengo amawonjezera kuti nyumbayo ndi yampanda, ndipo akafuna kuukwezanso amati mpandawo ndi wa njerwa, wokhala ndi geti lachitsulo. Chilankhulo chimenechi chidabadwira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, m'madera amene timawatcha kumayadi, koma tsopano chafika kwathu ku Nkhotakota ndipo chayamba kusintha maonekedwe a malo a m'mphepete mwa nyanja. M'nkhani ino ndikufuna kutsutsa ganizo limene labisala m'malonda oterewa, lakuti ubwino wa nyumba umathera pamene pathera mpanda wake. Ine ndikuti ku Nkhotakota mbali yaikulu ya nyumba ili kunja kwa makoma. Ili m'njira ya kudooko, pamjigo, pamsika, pamthunzi wa mango ndi mwa anansi. Womanga amene atsekera zimenezi kunja wadzisaukitsa yekha, ndipo wasaukitsanso anzake.

Popeza maphunziro anga ndi a zilankhulo, ndiloleni ndiyambire pa mawu. M'Chichewa muli mawu akuti nyumba, mulinso mawu akuti khomo. Nyumba ndi chimene mmisiri amamanga: maziko, makoma, denga ndi zitseko. Khomo ndi polowera chabe. Koma tikaphatikiza pa- wosonyeza malo kumayambiriro kwa dzina limeneli timapeza pakhomo, ndipo tanthauzo limakula kwambiri. Tikamva kuti pakhomo pa auje pagwa zovuta, palibe amene amaganiza za chitseko. Mwana akalangizidwa kuti azisamala pakhomo, akuuzidwa za bwalo, khitchini, nkhokwe, ziweto, abale ake aang'ono ndi alendo. M'nyumba timagonamo ndi kusungamo katundu, koma tsiku lonse timalithera pakhomo. Choncho chilankhulo chathu chidaika mtima wa banja pamalo pamene zam'kati zimakumanirana ndi zakunja.

Mawu ena ofunika ndi akuti mnansi. Mawuwa amatanthauza wachibale, amatanthauzanso woyandikana naye nyumba, ndipo Chichewa sichidaone chifukwa chosiyanitsira anthu awiriwa. Lero ambirife timati neba. Palibe cholakwa kubwereka mawu, pakuti chilankhulo chilichonse chimakula ndi ngongole zotere, koma tiyenera kuona chimene chatayika m'njira. Neba ndi munthu amene puloti yake yagundana ndi yako basi. Mnansi ndi munthu amene ukhoza kumusiyira mwana, kukapala moto kwake ndi kumugogodera pakati pa usiku matenda akavuta. Nawonso mawu akuti kumayadi adachokera ku mawu a Chingerezi onena za bwalo la nyumba, ndipo m'kamwa mwathu adasanduka dzina la dera la anthu opeza bwino. Kuyambira nthawi ya atsamunda, pamene Azungu ankakhala m'mayadi ndipo antchito awo ankagona m'tinyumba ta kuseri timene mpaka lero timati boyizikota, tidaphunzira kuti kutukuka ndi kudzipatula. Phunziro limeneli ndilo lafika kunyanja.

Kuti timvetse chimene chili pachiswe, tiyenera kudziwa kuti Nkhotakota ndi malo otani. Tawuniyi ili m'chigawo chapakati, m'dera la Mfumu Malengachanzi, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti paboma pamakhala anthu opitirira pang'ono 28,000. Siidayambe ndi pulani ya munthu wa mu ofesi. Idali midzi ya Achewa, alimi ndi asodzi. Cha m'ma 1840 padafika Salim bin Abdullah, wamalonda wachiswahili, amene adayambitsa ufumu wa a Jumbe. M'manja mwa a Jumbe malowa adasanduka dooko lalikulu la minyanga ya njovu ndi akapolo, amene ankawolotsedwa pa zombo kupita kutsidya kwa nyanja, kenaka n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone adafikapo m'zaka za m'ma 1860, ndipo mkuyu umene amati adakumaniranapo ndi Jumbe ndi chimodzi mwa zikumbutso za tawuniyi. Ufumu wa a Jumbe udathetsedwa ndi boma la Britain pakati pa zaka za m'ma 1890, nthawi yomwenso amishoni a UMCA adakhazikika pamalopa. Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja mu 1895, adaikidwa m'tchalitchi cha All Saints. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chidachititsa msonkhano wake waukulu komweko, ufulu wodzilamulira uli pafupi.

Mbiri imeneyi idatisiyira zinthu ziwiri. Choyamba ndi tawuni yosakanikirana: Asilamu ndi Akhristu m'mudzi umodzi, nthawi zina m'banja limodzi, mpunga ndi kondowole pamkeka umodzi, Chichewa chokhala ndi mawu a Chiswahili, ndi Chitonga chimene chimayamba kumveka ukalowera kumpoto cha ku Dwangwa. Mabuku a alendo oona malo akhala akuitchula kuti ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu yachikale m'chigawo chino cha Africa, chifukwa ngakhale ili ndi maofesi a boma, nyumba zake zambiri zidayalana monga za kumudzi, tinjira tikudutsa pakati pa makomo. Chachiwiri ndi dzina. Dera la pabomali eni ake amalitcha Linga, ndipo linga m'Chichewa ndi mpanda wolimba wa nthawi ya nkhondo. Ife a ku Nkhotakota, kuposa wina aliyense, tiyenera kukumbukira kuti mpanda wautali udali chizindikiro cha nthawi imene munthu ankaopa munthu mnzake, pamene wina ankatha kugwidwa akupita kumadzi n'kugulitsidwa. Nthawi imeneyo idatha. N'zodabwitsa kuti patatha zaka zoposa 100 tayambanso kumanga malinga, ulendo uno ndi ndalama zathu zomwe, n'kumati ndicho chitukuko.

Nyumba imene ndidakuliramo ili pakati pa msewu wa M5 ndi nyanja. Wotsatsa malonda sangataye nayo nthawi. Ili ndi zipinda zogona zitatu, balaza, makoma a njerwa zootcha, denga la malata ndi khonde lalitali loyang'ana kum'mawa. Khitchini, bafa ndi chimbudzi zili panja. Kuseri kuli kampanda ka bango kotchinga bafa ndi thandala la mbale, koma kumaso kulibe chotchinga china kupatula mitengo iwiri ya mango imene agogo anga adabzala. Pabwalo pathu pamadutsa njira. Siidalembedwe pa mapu, ndipo palibe amene adaipempha kwa aliyense. Imachokera kumtunda, n'kudutsa makomo angapo, n'kukathera kudooko. Asodzi amadzeramo madzulo atanyamula nyali ndi nkhafi, amayi amadzeramo m'mawa ndi mabeseni a usipa, ana a sukulu amadzeramo masana. Aliyense wodutsa amapereka moni, ndipo moniyo ndiye msonkho wokha wa njirayo.

Tsopano tiwerenge chuma cha nyumbayi monga mmene okhalamo amachiwerengera. Mjigo uli pafupi moti mwana akhoza kusenza ndowa osapumira panjira. Chigayo chili pamtunda woti mayi amasiya madzi a nsima pamoto wochepa n'kukabwerako. Msika waukulu wa paboma ndi ulendo wa mphindi zochepa pa kabaza, ndipo timisika ta madzulo, pamene amagulitsa usipa wofutsa, tomato, chinangwa chophika, makala ndi mafuta oyezera m'timabotolo, tili pamphambano zambiri. Kusukulu ya pulayimale ana amapita wapansi. Munthu akadwala pali zipatala ziwiri, cha boma ndi cha mishoni cha St Anne's. Mbandakucha kumamveka kuitana kwa kumzikiti, Lamulungu kumamveka belu la kutchalitchi, ndipo ngakhale amene sapemphera kulikonse amadziwira nthawi pamenepo. Mauthenga a m'dera amamveka pa wailesi ya Nkhotakota Community Radio. Pa zonsezi palibe chimene chili pa puloti yathu, koma zitachotsedwa, nyumba ija ingatsale chigoba.

Choposa zonse ndi dooko. Kwa mlendo wochokera mumzinda, nyanja ndi chinthu chochiyang'ana ndi kujambulitsapo. Kwa ife ndi kuntchito. Kudooko ndi kumene mabwato amakocheza, kumene makoka ndi chilimira zimasokedwa, kumene nsomba zimagulidwa ndi kuyanikidwa pamathandala, kumene amayi amachapa ndi kutsuka ziwiya. Chinangwa cha kondowole chimayenera kuviikidwa masiku angapo kuti chifewe ndi kutha kuwawa chisanayanikidwe ndi kusinjidwa, ndipo ntchito imeneyi imafuna madzi ochuluka. Mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi, asodzi n'kuchedwa kubwerera, mudzi wonse umatsikira kudooko kukadikira. Mwana wa kuno amaphunzirira kumeneko kusambira, kupalasa bwato, kuwerengera ndalama ndi mayina a nsomba: usipa, utaka, chambo, kampango, mcheni, ndi mpasa imene imakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira. Banja losauka, lopanda munda waukulu, limadya chifukwa cha dooko, pakuti ngakhale wothandiza kukoka khoka sabwerera chimanjamanja. Kutseka njira ya kudooko ndi kulanda banja lotere ndiwo.

Tsopano taonani nyumba yatsopano. Mwini wake kawirikawiri ndi mwana wa konkuno amene wapeza bwino ku Lilongwe, kuminda ya nzimbe ku Dwangwa kapena ku Johannesburg. Nthawi zina ndi mlendo amene wakonda mchenga ndi kutuluka kwa dzuwa pamwamba pa madzi. Akagula malo, ntchito yoyamba ndi kudula mitengo, yachiwiri ndi kumanga mpanda, maziko a nyumba asanakumbidwe n'komwe. Mpandawo umatalika kupitirira msinkhu wa munthu, pamwamba pake n'kuikapo mabotolo osweka kapena waya waminga. Bwalo lonse limathiridwa simenti. Khonde limachepa mpaka kukhala kamalo kovulirapo nsapato. Ngati malowo agundana ndi nyanja, makoma awiri am'mbali amatsika mpaka m'madzi. Sindikunyoza thukuta la munthu, pakuti kumanga nyumba m'dziko limene simenti ndi malata n'zokwera mtengo chonchi ndi chinthu chofunika ulemu. Funso langa ndi lakuti, kodi mamangidwe amenewa, otengera ku Area 47 ndi ku Namiwawa, akugwirizana ndi malo ano? Ine ndikuona zinthu zitatu zimene zikutayika.

Choyamba ndi njira. Malo a makolo akagulitsidwa, wogula amayeza kuchokera pachikhomo ichi kufika pachikhomo icho, ndipo kanjira kodutsa pakati sikawerengedwa chifukwa palibe pepala limene limakatchula. Tsiku lina m'mawa anthu amangopeza khoma. Mayi amene ankafika kudooko mwachidule tsopano ayenera kuzungulira ndi beseni pamutu. Mpanda umodzi anthu amaupirira, koma wachiwiri ndi wachitatu ukalumikizana nawo, mudzi wonse umatsala kumbuyo kwa makoma, kumangomva mafunde koma osaiona nyanja. Amene adayendako m'madera ena a ku Mangochi ndi ku Salima, kumene nyumba za tchuthi ndi malo ogona alendo zidandandalikana m'mphepete mwa madzi, akudziwa kumene nkhani yotere imathera. Kwathu mbali zambiri za gombe zidakali zotsegula, ndipo n'chifukwa chake nthawi yolankhula ndi ino. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Chachiwiri ndi mphepo. Amene adakhalako kunyanja mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kutentha kwake. Koma nyanja yomweyo imaperekanso mankhwala. Masana mtunda umatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndipo kamphepo kozizira kamachokera kunyanja kudzalowa m'malo mwake, usiku zimatembenuka. Nyumba zakale zidamangidwa modziwa zimenezi: khonde lalikulu, denga lotulukira kunja kuti litchinge makoma ku dzuwa, mtengo wa mthunzi pabwalo, ndi mpanda wa bango kapena udzu umene mphepo imapyola. Khoma la njerwa limaimitsa kamphepoko, simenti ya pabwalo imasunga kutentha mpaka usiku, ndipo mwini nyumba amagula fani, n'kumadandaula magetsi akazima. Tiwerengerenso njerwa. Puloti ya mamita 30 mbali zonse zinayi imafuna mpanda wa mamita 120. Mpandawo ukatalika mamita awiri, khoma lake limafanana ndi makoma onse a nyumba ya zipinda zitatu, mwinanso kuwaposa. Njerwa zimenezo zimaotchedwa ndi nkhuni, ndipo nkhunizo ndi mitengo ya m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje imene imagwira dothi kuti lisakokolokere m'nyanja momwe nsomba zimaswanirana. Motero munthu amaotcha uvuni wa nyumba ziwiri kuti akhale m'nyumba imodzi.

Chachitatu ndi maso ndi makutu a anansi. Pakhomo popanda mpanda mlendo amaima chapatali n'kunena kuti, "Odi!", mawu amene ndi apachibale ndi hodi wa Chiswahili, ndipo eni ake amayankha kuti, "Odini, fikani." Pageti lachitsulo odi samveka. Munthu amatola mwala n'kugogoda, woyankha n'kukhala galu. Agogo amene ankakhala pakhonde n'kumacheza ndi aliyense wodutsa, akasamutsidwira m'nyumba yabwino ya mwana wawo amatha tsiku lonse akuyang'ana khoma. Ana amene ankasewera pabwalo la aliyense, n'kumadzudzulidwa ndi mayi aliyense, tsopano amaleredwa ndi kanema. Ngakhale mawu akuti balaza akutiuza nkhani yomweyi. M'matawuni a Aswahili baraza ndi pokhala pa kunja kwa nyumba, poyang'ana msewu, pamene anthu amakambirana nkhani za mudzi. Ife tidabwereka mawuwo, tidawalowetsa m'nyumba, tidaikamo masofa, ndipo tsopano tawakhomera kuseri kwa geti.

Ndikudziwa zimene eni mipanda angayankhe, ndipo mayankho awo si opanda nzeru. Anena kuti kuli akuba. N'zoona: mabatire a sola, njinga, nkhuku, ngakhale zovala za pachingwe zimabedwa, ndipo munthu amene nyumba yake imakhala yotseka miyezi ingapo iye ali kuntchito kutali ali ndi chifukwa choopera. Anena kuti mbuzi zimadya maluwa ndi ndiwo zamasamba. Anena kuti malire osaoneka amabala milandu, makamaka mwini malo akamwalira, abale n'kuyamba kulimbirana. Amayi ena anena kuti pakhomo poonekera pamachuluka miseche ndi opemphetsa, ndipo munthu ali ndi ufulu wodya nkhuku yake popanda mudzi wonse kuwerenga mafupa. Zonsezi ndikuzivomereza. M'mudzi muli kaduka, muli kunamizirana ufiti, ndipo ena adathawira kuseri kwa geti atatopa nazo.

Komabe tiyeni tifunse ngati khoma lalitali likuchiza matenda amene lidamangidwira. Wakuba akalumpha mpanda amagwira ntchito yake mwamtendere, chifukwa khoma lomwelo limamubisa kwa odutsa. Pakhomo poonekera, nkhope yachilendo isanafike pakhonde imakhala itafunsidwa kale kuti, "Kodi mukufuna ndani, bambo?" Moto ukabuka, kapena wina akakomoka usiku, amene amafika msanga ndi anansi. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma sungazimire munthu amene geti lake ndi lokhoma ndipo dzina lake sukulidziwa. Za mbuzi ndi malire, mpanda wofika m'chiuno, wa mitengo yobzala kapena wa njerwa zochepa, umakwanira. Zachinsinsi zili ndi malo ake kuseri kwa nyumba, kumene makolo athu ankatchinga kale ndi bango. Si mpanda uliwonse umene uli woipa. Nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira mu 2015, idatchingidwa ndi waya wamagetsi, ndipo mu 2016 ndi 2017 mudalowetsedwa njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Cholinga cha mpanda umenewo n'chodziwika: kulekanitsa njovu ndi minda ya anthu. Womanga aliyense adzifunse kuti wakewo ukulekanitsa ndani ndi ndani.

Palinso mavuto ena amene sadziwa n'komwe kuti mpanda n'chiyani. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuphatikizapo Nkhotakota. Matendawa amayenda ndi madzi, chakudya ndi manja. Ukhoza kukhala ndi chimbudzi chamadzi cha matailosi, koma ngati kudooko kulibe chimbudzi, vutolo lidzalowa pageti pako ndi nsomba imene wagula, ndi wantchito amene amakuphikira, kapena ndi mwana wako pochokera kusukulu. Udzudzu wa malungo nawo sugogoda. Mu 2024 nyanja idakwera kupitirira mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja zamchere, n'kumiza magombe, makoma ndi nyumba zimene zidamangidwa kufupi kwambiri ndi madzi m'maboma angapo. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho mtsinje wa Dwangwa udasefukira, n'kudula msewu wa M5 ndi kusiya anthu masauzande opanda pokhala. Akuluakulu amene adaona nyanja itadzaza mu 1980 amadziwa pamene madzi amalekezera akakwiya, ndipo n'chifukwa chake gombe adalisiyira mabwato. Wogula malo amene sadachezepo ndi anansi alibe womuuza zimenezi.

Pasakhale wondimva ngati ndikunena kuti anthu a kunyanja azikhala m'nyumba zodontha kuti alendo azisangalala ndi chikhalidwe chathu. Denga la udzu limadontha, limapsa, ndipo limafuna kufoleredwa kawirikawiri. Mayi amene amasenza madzi kangapo pa tsiku akufuna mpopi pakhomo, ndipo ayenera kuupeza. Ife achinyamata tikufuna magetsi owerengera, intaneti ndi chipinda chokhala ndi chitseko. Zonsezi zikhoza kubwera popanda kupha njira, mthunzi ndi moni. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti nyumba yamakono ili ndi maonekedwe amodzi okha, a kumayadi a ku Lilongwe. Lilongwe ndi mzinda wa pamtunda, wozizirirapo, umene udakonzedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 ndi madera a manambala otalikirana, oyenera munthu wagalimoto. Nkhotakota ndi tawuni yotentha, ya anthu oyenda pansi ndi panjinga, imene moyo wake umayang'ana kumadzi. Jekete la ku Dedza salivala ku Linga mu Novembala.

Nanga tichite chiyani? Poyamba, njira za kudooko zizindikiridwe kuti ndi chuma cha onse. Malamulo a zamalo a mu 2016, makamaka lamulo lokhudza malo a makolo, adakhazikitsa makomiti a malo m'midzi ndi kutsegula mwayi wolembetsa malo a banja. Kulembetsaku kukamachitika, mafumu, makomitiwo ndi khonsolo aonetsetse kuti tinjira, madooko, manda, zitsime ndi mabwalo a masewero zalembedwa poyamba, mapuloti a anthu asanayezedwe, chifukwa chimene sichidalembedwe chimamezedwa ndi chimene chalembedwa. Kachiwiri, pulani ya nyumba ya m'mphepete mwa nyanja isavomerezedwe ngati khoma lake likutsika mpaka m'madzi, kapena ngati ili pamalo pamene nyanja idafikapo kale. Kachitatu, amisiri ndi ojambula mapulani, amene ambiri ndi achinyamata anzathu, azisonyeza makasitomala awo chitsanzo china: khonde lalikulu loyang'ana njira, mawindo oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, mpanda waufupi kumaso ndi wautali kuseri, ndi mitengo ya mango yosadulidwa. Kachinayi, amene ali ndi ndalama za mpanda wa mamita 120 aganizire kuti gawo la ndalamazo likhoza kukonzetsa mjigo kapena kumanga chimbudzi kudooko, zinthu zimene zingateteze banja lake lomwe kuposa mabotolo osweka.

Ifenso ophunzira zilankhulo tili ndi mbali yathu. Dooko lililonse, mtengo waukulu uliwonse ndi mphambano iliyonse kwathu zili ndi mayina, ndipo dzina lililonse lili ndi nkhani ya amene adayamba kukocheza pamenepo kapena ya chimene chidachitikapo. Mayina ambiri otere sali pa mapu. Ali m'mitu ya nkhalamba ndi asodzi. Malo akatchingidwa, dzina lake limafa pakatha mbadwo umodzi, n'kulowedwa m'malo ndi nambala ya puloti kapena dzina la Chingerezi lolembedwa pageti. Kafukufuku wa mayina a malo akhoza kukhala umboni pa tsiku la mlandu, pakuti malo amene dzina lake limadziwika ndi mudzi wonse ndi ovuta kuwanena kuti adali tchire lopanda mwini. M'malo molemba kafukufuku wathu wa chaka chomaliza pa mitu yobwerezabwereza, ena mwa ife tipite kumadooko ndi kope ndi foni yojambulira mawu, nkhalambazo zikadali ndi moyo.

Pomaliza, munthu akamagula nyumba ku Nkhotakota adziwe kuti akulowa m'mudzi umene udayamba iye asanabadwe, wokhala ndi njira zake, nthawi zake ndi mangawa ake. Mwayi wokhala pafupi ndi msika, chipatala, sukulu ndi nyanja, umene otsatsa malonda amautchula pokweza mtengo, udapangidwa ndi anthu omwe aja amene mpanda ukuwatsekera kunja. Si chilungamo kudya zipatso za mudzi uku ukukana kukhala mnansi, pakuti chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Amene akumanga kwathu amange nyumba zolimba ndi zokongola, chifukwa tawuni yathu ikuzifuna, koma asiye njira ya kudooko yotsegula, ndipo geti lawo likhale loti munthu akaima panja n'kunena odi, wam'kati amve.